Kudziletsa, chiyero ndi kupirira pa mavuto: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabuka kawirikawiri kumphakati, kumisonkhano ya amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, m'magulu a achinyamata, ngakhalenso pasiwa nyimbo zikadukiza anthu n'kuyamba kunong'onezana. Ena ndi oyankhika msanga, ena ndi ofunika kuwakhalira pansi. Pomwe mipingo imasiyana kachitidwe tanena poyera kuti imasiyana.

Kodi kudziletsa n'kutani?

Ndi pamene munthu akutha kuuza mtima wake kuti ayi, chinthucho chili pafupi, mpata ulipo, ndipo palibe akumuona. Taganizirani mayi amene gulu la banki mkhonde linamusankha kukhala msungichuma. Ndalama za gulu zili pa foni yake, kugawana ndi mu Disembala, ndipo lero mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Atatapako K50,000 n'kudzabweza mwezi wa mawa, palibe angadziwe. Akaika foni ija pansi n'kupita kukapempha ngongole pamaso pa gulu monga amachitira anzake onse, wadziletsa.

Paulo, pa Agalatiya 5:22-23, amaika kudziletsa kumapeto kwa mndandanda wa chipatso cha Mzimu, pamodzi ndi chikondi, chimwemwe, mtendere ndi kuleza mtima. Miyambo 25:28 imafanizira munthu wosaugwira mtima ndi mzinda wogumuka linga, woti mdani aliyense amangolowa. Ndipo pa 1 Akorinto 9:24-27 Paulo akukamba za othamanga. Akorinto ankawadziwa bwino anthu amenewa, chifukwa pafupi ndi mzinda wawo pankachitika mpikisano waukulu wa masewera zaka ziwiri zilizonse, ndipo wopambana ankavekedwa nkhata ya masamba, yofota pakangopita masiku. Ngati iwo ankadzimana zakudya ndi zokondweretsa chifukwa cha nkhata yofota, nanga ife?

Ngati tinapulumutsidwa mwachisomo, kudzivutitsa konseku n'kwa chiyani?

Aefeso 2:8-9 imanenadi kuti chipulumutso ndi mphatso, sichichokera ku ntchito. Koma musalekere pomwepo. Ndime ya 10 ikuti tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Tito 2:11-12 imafika pakunena kuti chisomo chomwecho ndicho chimatiphunzitsa kukana zilakolako ndi kukhala odziletsa. Munthu sadziletsa kuti Mulungu amulandire. Amadziletsa chifukwa analandiridwa kale ndipo sakufuna kubwerera ku ukapolo umene anamasulidwako. Mfundo imeneyi ikasokonekera, zonse zimasokonekera nayo: kusala kudya kumasanduka malipiro, chakhumi chimasanduka chiphuphu, ndipo mavuto akabwera munthu amayamba kuwerengera Mulungu ngongole.

Kumpingo kwathu chiyero amachiyeza ndi zovala. Kodi mayi wovala thalauza kapena wigi sangakhale woyera?

Mipingo imasiyana pa kavalidwe, ndipo munthu amene walowa mumpingo ayenera kulemekeza dongosolo la pamalopo. Kudzilemekeza pa kavalidwe n'kwa m'Malemba ndithu (1 Timoteo 2:9-10). Koma tizidziwanso kumene zina mwa izi zinachokera. Kuno ku Malawi lamulo la boma la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi afupiafupi, ndipo linagwira ntchito mpaka nthawi imene dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri. Ambiri mwa akuluakulu a mipingo lero anakulira m'nthawi imeneyo, choncho n'kosavuta kusakaniza zomwe ankaletsa apolisi ndi zomwe analetsa Mulungu.

Amene akufuna kudziwa chiyero awerenge Levitiko 19 yense. Mutuwu ukuyamba ndi kulamula kuti Aisraeli akhale oyera chifukwa Mulungu wawo ndi woyera, mawu omwe Petro akuwabwereza pa 1 Petro 1:16. Kenako ukulongosola. Pokolola musatsirize m'mphepete mwa munda, siyironi osauka ndi alendo khunkha. Musagone ndi malipiro a waganyu mpaka m'mawa. Musatukwane wogontha, musaike chopunthwitsa patsogolo pa wosaona. Poweruza musakondere. Musayende uku ndi uku ndi miseche. Ndipo chakumapeto, ndime 35 ndi 36, miyeso ndi masikelo anu akhale oona.

Tiyeni nazo kumsika nthawi yokolola. Venda wafika pamudzi ndi sikelo imene waikonza mwa iye yekha, thumba la soya lolemera makilogalamu 50 likuonetsa 44. Mayi wogulitsa chimanga ali ndi zigoba ziwiri, chachikulu chogulira, chofinyidwa pansi chogulitsira. Bwana wa m'tauni ali ndi mtsikana wa ntchito amene sanalandire malipiro miyezi itatu, koma bwanayo ndiye amatsogolera mapemphero a m'bandakucha. Onsewa akhoza kuvala yunifolomu ya mpingo yochita kuwala, duku lomangidwa bwino, koma pa muyeso wa Levitiko 19 alephera. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndimaona kuti maulaliki athu akanamathera nthawi yochuluka pa sikelo ndi malipiro a antchito monga amathera pa zovala za amayi, mizinda yathu ikanaona kusintha.

Chiyero chimakhudzanso thupi, pasakhale chinyengo apa. 1 Atesalonika 4:3 imanena mosabisa kuti chifuniro cha Mulungu ndi chiyeretso chathu, kuti tipewe dama. Lamuloli ndi la abambo ndi amayi mofanana.

Kodi Mkhristu aliyense ayenera kusala kudya? Kangati?

Yesu pa Mateyu 6:16-18 amalankhula ngati munthu amene akudziwa kuti ophunzira ake azisala. Chimene akuwalangiza ndi kachitidwe kake: asambe kumaso, adzole, asaonetse nkhope yachisoni kuti anthu awatame. Sanatchule chiwerengero cha masiku. Mpingo wa ku Antiokeya unasala usanatume Paulo ndi Barnaba (Machitidwe 13:2-3).

Akatolika ali ndi dongosolo lokhazikika. Nyengo ya Lenti ndi ya masiku 40, ndipo masiku olamulidwa kusala ndi Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, kwa a zaka zoyambira 18 mpaka 59. Munthu amadya chakudya chokhuta kamodzi, kwinako n'kungolawa pang'ono. Kusadya nyama Lachisanu m'nyengoyi kumayambira zaka 14. Odwala sakakamizidwa. A Anglican nawonso amasunga Lenti. Mipingo yambiri ya chipentekoste imayamba chaka ndi masiku 21 a kusala, kutengera masabata atatu a Danieli (Danieli 10:2-3), nthawi zambiri kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Ku CCAP ndi mipingo ina kusala kumasiyidwa kwambiri m'manja mwa munthu payekha kapena kumalengezedwa pakagwa chosowa. Palibe mwa njirazi yoti n'kunyozera inzake.

Ndikasala masiku ambiri, kodi Mulungu sayankha msanga?

Ili ndiye funso limene lavulaza anthu ambiri. Davide anasala n'kugona pansi masiku 7 kupempherera mwana wake wodwala, mwanayo anamwalira (2 Samueli 12:15-23). Davide anadzuka, anasamba, anapita kukapembedza, kenako anadya. Sanati Mulungu wamubera.

Pa Yesaya 58 anthu akudandaula kuti asala koma Mulungu sakuona. Yankho lake ndi lakuti tsiku lomwelo la kusala akupondereza antchito awo, akukangana ndi kumenyana. Kusala kumene Mulungu akufuna ndi kumasula omangidwa mopanda chilungamo, kugawana chakudya ndi anjala, kulowetsa m'nyumba osowa pogona ndi kuveka amaliseche. Mfarisi wa pa Luka 18 ankasala kawiri pa sabata, koma amene anabwerera kwawo wolungamitsidwa ndi wokhometsa msonkho uja ankangodziguguda pachifuwa.

Phindu la kusala limaoneka mwa wosalayo. Njala imaulula zomwe zabisala: ukali umene umatuluka 2 koloko masana, kusaleza mtima ndi ana, kudalira zinthu zing'onozing'ono. Imapatsa nthawi yopemphera, imaphunzitsa thupi kumva mawu oti dikira, ndipo ufa ndi ndiwo zimene simunadye zikhoza kukafika pakhomo la wina.

Ndimamwa ma ARV (kapena ndili ndi shuga, BP, zilonda za m'mimba). Abusa alengeza kusala kwa mpingo wonse. Nditani?

Musasiye mankhwala, ngakhale tsiku limodzi, ngakhale wina atakusanjikani manja n'kunena kuti mwachira. Ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma m'Malawi muno m'chaka cha 2004, ndipo aliyense amene anali wamkulu zaka za m'ma 1990 akukumbukira momwe maliro ankachulukira asanabwere. Munthu akadukiza mankhwalawa kachilombo kamachulukananso m'magazi ndipo kakhoza kuyamba kusamva mankhwala omwe ankamuthandiza. N'chimodzimodzi mankhwala a TB, amene amafunika kumwa miyezi 6 mosadumphitsa. Wa shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga, akakhala osadya shuga amatha kutsika kwambiri: amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusokonezeka mutu, mpaka kukomoka. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana ndi okalamba ofooka asasale chakudya. Ngati mukufunabe kutengako mbali, kambiranani ndi adokotala kapena anamwino a kuchipatala kumene mumalandira mankhwala, ndipo mukhoza kusala zina, monga nyama, zotsekemera, wailesi kapena foni.

Kumwa mankhwala si kuchepa chikhulupiriro. Yesaya, mneneri weniweni, atauza Hezekiya kuti achira, analamulanso kuti amuike nkhuyu zouma pachithupsa (2 Mafumu 20:7). Paulo anatcha Luka sing'anga wokondedwa (Akolose 4:14). Ndipo zipatala za Nkhoma, Malamulo, Mulanje Mission, Likuni, Ekwendeni ndi St Luke's ku Malosa zinamangidwa ndi anthu opemphera.

Mu Epulo 2023 dziko lonse linadzidzimuka ndi nkhani ya m'nkhalango ya Shakahola, pafupi ndi Malindi ku Kenya, kumene anafukula mitembo yoposa 400, kuphatikizapo ya ana ambiri. Mtsogoleri wa gululo, Paul Mackenzie, anatengeredwa kukhoti pa milandu yokhudza kuuza anthu ake kuti asale mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu. Anthu amenewo sanali opusa. Anali anthu ofunitsitsa Mulungu amene anapereka chikumbumtima chawo chonse m'manja mwa munthu mmodzi. Mtsogoleri aliyense amene akukuuzani kuti mutaye mankhwala, musamwe madzi masiku angapo, musalitse mwana, kapena mudule ubale ndi abale anu, muchokeni lero lomwe. Paulo pa Akolose 2:23 anachenjeza kale kuti kuzunza thupi kumaoneka ngati nzeru koma sikuthetsa zilakolako.

Lenti imagwa nthawi ya njala. Ife timadya kamodzi kale pa tsiku. Tisale chiyani?

Zoona, Febuluwale ndi Malichi ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitauma, chimanga cha m'munda chisanakhwime, mtengo wa chigoba utakwera. Banja limene likugonera phala kapena maungu Mulungu salifunsa kuti lichotsenso. Uthenga wa Yesaya 58 m'nyengo imeneyi ukulunjika kwa amene ali ndi matumba m'nyumba, makamaka amene akuwasunga kudikira kuti mtengo ukwere, zomwe Miyambo 11:26 imadzudzula. Wosauka ali nako kudziletsa kwakenso, ndipo n'kolemera: kusathyola chimanga chachiwisi m'munda wa mnzake, kusagulitsa feteleza wa m'munda chifukwa cha mowa, kusakwatitsa mwana wa sukulu kuti pakhomo pachepe pakamwa.

Kodi kupemphera kuphiri kuli ndi mphamvu kuposa kunyumba?

Yesu ankakwera kuphiri kukapemphera, nthawi ina usiku wonse (Luka 6:12), ndipo amene amapita ku phiri la Bunda kapena mapiri ozungulira Blantyre pofuna bata sakulakwa. Koma Yesu yemweyo anauza mayi wa ku Samariya kuti nkhani si ya phiri ili kapena Yerusalemu (Yohane 4:21-24), ndipo pa Mateyu 6:6 anati lowani m'chipinda mutseke chitseko. Mukapita, pitani pagulu, tengani madzi, a kunyumba adziwe komwe muli, ndipo ana mwawasiya akhale ndi chakudya ndi wowayang'anira.

Kodi mavuto ndi chilango cha Mulungu?

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'maboma a kummwera monga Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu midzi ina inakokoloka. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Mitembo isanathe n'kufukulidwa komwe, mawu anayamba kumveka oti Mulungu wakwiya ndi machimo a anthu a kumeneko. Mawu amenewo ndi olasa anamfedwa kachiwiri, ndipo Yesu anawakana kale. Pa Luka 13:4-5 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kufunsa ngati iwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anayankha yekha kuti iyayi, ndipo anatembenuzira funsolo kwa omverawo kuti alape iwo. Ophunzira atafunsa za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake, Yesu anati palibe (Yohane 9:3). Anzake atatu a Yobu anathera mitu yambiri akumuumiriza kuti avomere tchimo lobisika, koma kumapeto Mulungu anakwiyira iwowo, kuti sananene zoona za Iye (Yobu 42:7).

Mavuto ena amakhaladi zipatso za zochita zathu. Wotenga katapila kuti akabetche akalandidwa katundu asanamizire mfiti, ndipo Agalatiya 6:7 imati munthu amakolola chimene wafesa. Ena amabwera chifukwa cha zochita za anthu ambiri pamodzi: mapiri ometedwa mitengo chifukwa cha makala, mabanja omanga m'malo otsetsereka chifukwa malo abwino m'tauni sangawakwanitse. Izi ndi zofunika kuzikonza, ndipo mpingo uli ndi mbali yake. Koma mwana amene anakwiririka ali m'tulo sanali kulangidwa.

Ahebri 12 imakamba za Mulungu wolanga ana ake monga tate. Munthu akhoza kuwerenga mutu umenewu n'kudzifunsa yekha chimene akuphunzira m'masautso ake. Kuutenga n'kukauloza pa mnzako amene ali m'misozi ndi kuchita zomwe anachita anzake a Yobu.

Ndapemphera, ndasala, chakhumi ndimapereka, mbewu ndinafesa kwa mneneri, koma ntchito sindinaipeze. Chikhulupiriro changa n'chochepa?

Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, ndipo sunachoke; anauzidwa kuti chisomo chimukwanira (2 Akorinto 12:7-9). Yesu ku Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire, koma anamwa ndithu chikhocho mpaka kutha. Ahebri 11, mutu umene timakonda kuwerenga theka lake, umatchula ogonjetsa maufumu ndi otseka pakamwa pa mikango, koma kuyambira ndime 35 umatchulanso ozunzidwa, oponyedwa miyala, ochekedwa ndi macheka, oyendayenda atavala zikopa. Onse amatchedwa anthu a chikhulupiriro.

Anyamata a ku Uganda aja, amene matchalitchi ndi masukulu ambiri kuno amatchedwa maina awo, Karoli Lwanga ndi Kizito ndi anzawo, anatenthedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo ku Namugongo pa 3 Juni 1886 molamulidwa ndi mfumu Mwanga. Moto sunazime. Anafa Akatolika ndi a Anglican pamodzi, ndipo Akatolika 22 analengezedwa kukhala oyera mu 1964. Sadrake, Mesake ndi Abedinego anapulumuka m'ng'anjo, koma asanaponyedwemo anali atanena kale kuti ngakhale Mulungu atapanda kuwalanditsa, fano salipembedza (Danieli 3:18). Mtima wake ndi umodzi, mathero osiyana.

Pa nkhani ya mbewu, ndalama zoperekedwa kwa mneneri poyembekezera dalitso, samalani. Kupereka kumpingo ndi kwa osowa n'kwabwino, koma dalitso siligulitsidwa. Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, Petro anamudzudzula koopsa (Machitidwe 8:18-23). Ngati mwauzidwa kuti mugulitse mbuzi kapena mutenge ngongole kuti mugule mafuta, madzi kapena chomata pakhomo, mukudyeredwa. Kusowa kwa ntchito kuli ndi zifukwa zake zooneka: achinyamata omaliza sukulu ndi ochuluka kuposa malo a ntchito, ndipo ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mabizinesi ambiri ang'onoang'ono anapuma movutikira. Osapemphera ndi opemphera omwe anamva kuwawa. Pitirizani kupemphera, pitirizani kulemba makalata, ndipo ganyu kapena geni yaing'ono imene ilipo lero musainyoze. Paulo mwini ankasoka mahema.

Anandilangiza kuti banja ndi kupirira. Amuna anga amandimenya. Kodi kuchoka kapena kukanena ndi kusowa chipiriro?

Ayi mayi, si kusowa chipiriro. Kupirira kumene Baibulo limayamikira ndi kusataya chikhulupiriro ndi kusabwezera choipa. Silinena kuti munthu akhale chete pomwe akuvulazidwa. Mwambi woti sunga khosi mkanda woyera udzavala wathandiza ambiri kudikira nthawi yabwino, koma wagwiritsidwanso ntchito kubweza amayi kunyumba zimene anatulukamo m'bokosi. Akolose 3:19 imalamula amuna kukonda akazi awo ndi kusawachitira nkhanza, ndipo Aefeso 5:28-29 imati mwamuna asamale mkazi monga thupi lake. Womenya ndiye waphwanya pangano.

Ngati moyo wanu kapena wa ana uli pachiswe, chokani kaye mupite pamalo otetezeka. Uzani ankhoswe ndi akulu a mpingo, koma musalekere pomwepo ngati akungokubwezani. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja kuyambira 2006. Khoti likhoza kupereka chiletso choti wankhanzayo asakuyandikireni. Mukavulala pitani kuchipatala, zilembedwe. Kukhululuka kukhoza kubwera pa nthawi yake, koma sikutanthauza kubwerera pomwe chibakera chikudikira. Abambo ochitiridwa nkhanza nawonso njira ndi yomweyi.

Paulo atafuna kukwapulidwa popanda mlandu anatchula ufulu wake monga nzika ya Roma (Machitidwe 22:25). Kwathu kuno, pa 8 Malichi 1992, m'nyengo ya Lenti, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ikudzudzula umphawi, malipiro ochepa, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Boma linaitcha youkira, maepiskopi anafunsidwa ndi apolisi, ndipo Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Anthu anali atapirira zaka zambiri, ndipo kulankhula kuja kunali mbali ya chikhulupiriro chomwecho.

Ndimalapa koma ndimagweranso m'tchimo lomwelo: mowa, kubetcha, zolaula za pa foni, chibwenzi cha mseri. Kodi Mulungu sanatope nane?

Sanatope. Miyambo 24:16 imati wolungama amagwa kasanu n'kawiri n'kudzukanso, ndipo Petro amene anakana Ambuye katatu ndi yemwe anapatsidwa nkhosa kuti azidyetse. Koma kulira kutsogolo kwa tchalitchi Lamulungu lililonse popanda kusintha kalikonse Lolemba sikungakufikitseni patali.

Yang'anani nthawi ndi malo amene mumagwera. Kwa ambiri ndi tsiku la malipiro, ndalama zikangolowa pa foni. Ndi njira ina yake yochokera kuntchito yodutsa pa shabini. Ndi usiku pakati, bandulo ya intaneti ilipo, anthu onse agona. Yosefe sanaime kukambirana ndi mkazi wa Potifara, anathawa n'kusiya malaya. Mawu a Yesu okolowola diso ndi kudula dzanja (Mateyu 5:29-30) sakunena za mpeni. Akunena kuti chimene chimakugwetsani chichoke ngakhale chikhale chokondedwa. Fufutani nambalayo. Chotsani pulogalamu ya kubetcha ija ndipo musaibwezeretse. Malipiro akalowa, lipirani lendi ndi kugula ufa tsiku lomwelo, zotsala asunge akunyumba ngati mwagwirizana. Foni igone pabalaza.

Chachiwiri, pezani munthu mmodzi wokhwima, wosunga chinsinsi, mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi, amene muzimuuza zoona ndipo ali ndi ufulu wokufunsani (Yakobo 5:16). Kwa Akatolika sakramenti la kulapa lilipo pa ntchito imeneyi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo pomwe munalakwira munthu, bwezani, monga anachitira Zakeyu.

Amene wamwa mowa wambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, makamaka kachasu, asasiye mwadzidzidzi payekha. Thupi lozolowera limatha kunjenjemera, kuona zinthu zoti palibe, ngakhale kugwa ngati wakhunyu, ndipo izi zikhoza kupha. Apite kuchipatala amuthandize kusiya bwinobwino, mapemphero akupitirira.

Ndatopa. Nthawi zina ndimaganiza zongodzipha. Kodi Mkhristu angafike pamenepa?

Angafike, ndipo simuli nokha. Eliya, atangochoka kumene pa phiri la Karimeli pomwe moto unatsika, anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe (1 Mafumu 19:4). Mulungu sanamukalipire. Anamulola agone, anamupatsa mkate ndi madzi kawiri, kenako anamufunsa chimene chikumuvuta, ndipo anamupatsa Elisa woti aziyenda naye. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kutha ndi mdima, koma lili m'Baibulo, kusonyeza kuti pemphero lotero Mulungu amalimva.

Uzani munthu lero, musadikire mawa: mnzanu, m'bale, abusa, ansembe kapena wazaumoyo. Ngati m'nyumba muli mankhwala a mbewu kapena a makoswe, pemphani wina awachotse. Matenda a nkhawa ndi kukhumudwa ali ndi chithandizo. Chipatala cha boma chilichonse chili ndi poyambira, ndipo kuli a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Abambo makamaka, amene munaleredwa ndi mawu oti mwamuna salira, ngongole ndi mavuto a m'banja zimakambidwa ndipo zimapezeka njira. Yesu analira pamanda a Lazaro anthu akuona.

Mnzanga ali m'mavuto aakulu. Ndimuuze chiyani?

Mwina musamuuze zambiri. Chinthu chabwino chimene anzake a Yobu anachita ndi kukhala naye pansi masiku 7 osalankhula. Pewani mawu oti zinalembedwa, kapena oti Mulungu wathyola duwa lake, kwa mayi amene waika mwana dzulo. Mwambo wathu wa pamaliro umadziwa kale zoyenera: kufika, kukhala, kutunga madzi, kubweretsa nkhuni ndi ufa. Vuto limakhala pakatha sabata ziwiri, anthu onse atabalalika, lendi ikufunika ndipo achibale ayamba kuloza katundu wa malemu. Pitaniko nthawi imeneyo. Ngati ndi mayi wamasiye amene akulandidwa nyumba kapena munda, muperekezeni kwa amfumu, kwa a DC kapena kukhoti, chifukwa kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Yakobo 1:27 imatcha kuchezera ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo chipembedzo choyera, pamzere umodzi ndi kudzisunga wosadetsedwa ndi dziko.

Ndikufuna kuyamba moyo wodziletsa. Ndiyambire pati?

Yambani ndi chochepa chimene mungachisunge. Mphindi 15 m'mawa musanagwire foni, salimo limodzi ndi ndime zingapo za Uthenga Wabwino, mwina kuyambira Marko popeza ndi waufupi, mitu 16 yokha. Ngati thanzi likulola, salani chakudya chimodzi pa sabata, ndipo mtengo wake muupereke kwa munthu amene mukumudziwa dzina. Sankhani khalidwe limodzi loti mulimbane nalo nyengo ino, kaya ndi lilime, kaya ngongole zosabweza, ndipo muuze munthu uja wosunga chinsinsi. Amene mwasala tsiku lonse, masulani ndi madzi ndi phala kapena chipatso musanafike pa nsima. Mukadumphitsa tsiku, pitirizani tsiku lotsatira pomwe munalekera, osadzilipiritsa ndi kusala kowonjezera.